Dzina la Pakati pa Shawelo

Pakhonde lathu pali zitseko zitatu: cha saluni yanga, cha wokonza mafoni, ndi chapakati, cha amayi Singano. Ndikati amayi Singano musaganize telala wodula masuti. Iwo ntchito yawo ndi kupeta maina ndi ulusi, pa mayunifolomu a ana asukulu, pa mathaulo aukwati, makamaka pa mashawelo a makanda. Kachipinda kawo ndi kopanikiza: tebulo, mpando wopanda chotsamira, shelefu ya ulusi wamitundumitundu, ndi zenera limodzi lomwe amakhala pafupi nalo chifukwa maso anayamba kuwavuta. Dzina loti Singano linawamatirira ine ndisanabwere pakhondepo, ndipo ngakhale eni nyumba amawaitana choncho. Lawo lenileni ndinalimva tsiku lomwe ndinawaperekeza kuchipatala, nesi ataliitana mokweza pabenchi. Ndi dzina lachikale, la mtundu uja sulimvanso kwa munthu amene akadali ndi mano ake onse.

Munthu wopeta maina tsiku ndi tsiku sangalephere kukhala nawo maganizo, ndipo amayi Singano maganizo awo sankawabisa m'thumba. Mayi akabwera ndi shawelo n'kutchula dzina, iwo ankayamba atsitsa magalasi pamphuno.

"Favour winanso? Mwezi uno a Favour andithera ulusi wapinki. Ana amenewa akadzayamba sukulu, aphunzitsi akadzaitana mmodzi, kalasi yonse idzaimirira."

Ankati maina a pakati a ana aakazi amabwera ngati chimfine, akagwira nyumba imodzi agwira msewu wonse. Kunali nyengo ya Chisomo, kenako ya Takondwa ndi Tadala, kenako kunagwa a Angel, a Miracle ndi a Princess. Pa Princess ndiye sankapirira. "Bambo ake ndi mfumu ya kuti," ankafunsa, "poti ine ndimawaona akukankha njinga yopanda tcheni?" Amayiwo ankaseka mpaka misozi, dzina osalisintha, koma mwana wotsatira ankabweranso pomwepo. Wina akawafunsa kuti nanga iwo akufuna chiyani, ankasiya nthabwala. Ankati dzina loyamba ndi loitanira mwana kukadya, lomaliza ndi la pa chiphaso, koma la pakati ndi posungira munthu amene sukufuna kuti atayike.

Amayi Singano sanabereke. Banja lawo linathera pa nkhani yomweyo, ndipo sankakonda kuikamba. Mwana amene anali naye anali wa mchimwene wawo. Mlamu wawo atamwalira, mchimweneyo anabwera ndi kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda, n'kunena kuti akasunge pang'ono iye akafune ntchito kutali. Pang'ono pakepo ndi mpaka lero. Kamtsikanako kanakulira pansi pa tebulo, kakusewera ndi mabatani a m'chitini, ndipo tonse pakhonde tinkakatchula Kabatani. Singano yomweyo ndiyo inamulipirira sukulu mpaka ku koleji. Atadwala chibayo, azakhali akewo anatseka chitseko n'kukagona pansi kuchipatala, makasitomala akuthawira kwina. Kabatani anakula bwino, wamtali, woyankhula mosalala, n'kupeza ntchito ya muofesi yokhala ndi mpando wozungulira.

Lonjezo linaperekedwa mu saluni mwanga, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa ngati yanga. Linali tsiku la ukwati wake. Ine ndikumumanga tsitsi, azakhali ake atagwada akukonza mpendero wa diresi, mapini ali kukamwa. Kabatani anawayang'ana pagalasi, misozi ili lengelenge.

"Azakhali, mwana wanga woyamba akadzakhala wamkazi, dzina lanu lidzakhala pakati. Ndikulonjeza pamaso pa asisiwa."

Palibe anamupempha. Palibe anamutsina kuti anene. Amayi Singano analavulira mapini m'dzanja n'kuti, "Iwe, dzina lachikale lija? Udzamuvutitsa mwana." Koma Kabatani analumbira kuti ndi dzina lokongola kuposa onse, ndipo ine ndinaona nkhope ya mayi uja ikuwala moti ndinachita kuyang'ana kumbali.

Patapita zaka zingapo Kabatani anaima, ndipo kuchipatala atamuunika anati ndi wamkazi. Amayi Singano anapita okha kukasankha shawelo yoyera, yofewa, yodula kuposa zomwe makasitomala awo amabweretsa. Wopeta dzina amayambira pakati pa mzere n'kumapita m'mbali, kuti malembo asapendekere mbali imodzi. Choncho anayamba ndi dzina lawo, ndi ulusi wobiriwira, n'kusiya malo kumanzere a dzina loyamba ndi kumanja a dzina la bambo. Anandiitana kuti ndidzaone. Anandiuza, akuseka mwamanyazi ngati mtsikana, kuti pa zaka zonse zomwe agwira singano aka kanali koyamba kulipeta dzina limeneli, poti panalibe kasitomala analiitanitsapo. Kabatani naye anaiona shaweloyo, anaijambula, n'kuwakumbatira.

Loweruka lina saluni inadzaza. Amayi Singano anali atakhala pampando wa pakhomo ndi ntchito yawo pamiyendo, monga ankachitira akafuna macheza. Ine ndinali kuluka mayi wina wamimba yaikulu amene maso ake sankachoka pa foni. Mwadzidzidzi mayiyo anaphulika ndi chiseko mpaka chingwe cha tsitsi chinandipulumuka.

"Tamverani izi, amayi inu! Pagulu lathu la oyembekezera wina akufunsa kuti timusankhire dzina la pakati la mwana wake. Akuti Tadala, Favour, Angel, kapena..." Apo anatchula dzina lija. Pano sindilibwereza, linasekedwa mokwanira tsiku limenelo.

Saluni yonse inagwa nacho chiseko. Mayiyo anayamba kuwerenga makomenti mmodzimmodzi, akusintha mawu ngati wa pawailesi. Wina analemba kuti mwanayo abadwa ndi imvi. Wina anati amugulire ndodo m'malo mwa matewera. Wina anafunsa ngati mwanayo wawalakwira chiyani asanabadwe n'komwe. Amene anali pansi pa draya youmitsira tsitsi anachita kutulutsa mutu kuti amve bwino. Onse a mu salunimo anali makasitomala a amayi Singano, ena ana awo amafunda mashawelo opetedwa ndi manja omwewo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa mwini dzinalo.

"Amayi Singano, inu ndinu akatswiri a maina," anatero wina. "Limeneli munalipetapo chiyambire?"

"Kamodzi," anayankha, maso ali pa ulusi.

Ine dzinalo ndinali nditalizindikira kale. Ndinayesa kukhotetsa nkhani, ndinafunsa za mtengo wa meshi yolukira tsitsi, ndinakweza wailesi, koma mayi wa foni uja anali atafika pokoma.

"Dikirani, pali zina! Wina wamufunsa kuti dzina limeneli walifukula kuti. Tamvani yankho lake: 'Ndi la mayi wina amene amatisokera zovala, wandikakamira nalo. Ndangoliika kuti amuna anga aone okha kuti anthu sakulifuna.' Ndiye waika tinkhope toseka mzere wonse."

Ndinasuzumira pa foniyo ndikupemphera kuti akhale munthu wina. Kachithunzi kanali ka Kabatani, ndi tsitsi lomwe ndinamuluka ndekha mwezi womwewo.

"Tawerenganinso pomalizapo," anatero amayi Singano, mawu ali phee.

Mayiyo anawerenganso, mosangalala kuti nthabwala yake yagwira. Amayi Singano anaimirira, anapempha kuona foniyo, anaiyandikiza kumaso, n'kuibweza ndi manja awiri. Kenako anapinda ntchito yawo n'kutuluka. Chitseko chapakati chinatsekedwa dzuwa likadali pamutu. Mayi wa foni uja ndinamukoka tsitsi tsiku limenelo mpaka anadandaula kuti mutu ukumuwawa, ngakhale iye analibe mlandu.

Dzina kulikana si mlandu. Mwana ndi wake, akanatha kubwera n'kunena kuti azakhali, ndasintha maganizo, ndipo amayi Singano akanaseka n'kumuuza kuti paja ndinakuuza. Chimene chinandiotcha ine ndi mawu aja oti mayi wina. Munthu anakutafunira chakudya, anakuchapira zonyansa, anataya makasitomala chifukwa cha chifuwa chako, lero ukumugulitsa kwa anthu osawadziwa kuti amuseke nawe? Komanso bodza loti anamukakamira, pamene ine ndi makutu angawa ndinamva amene anayambitsa. Madzulo ake ndinalowa kwa amayi Singano foni ili m'manja, nambala ya Kabatani nditaitsegula kale.

"Achemwali, ndiloleni ndimutukwane. Mawu ndili nawo okwanira."

"Ayi, asisi. Munthu ali ndi pakati, mungamukwezere magazi. Musiyeni abereke bwino."

Mwaona? Ngakhale pamenepo ankaganizira za iye. Shawelo ija anaiika m'pepala n'kuikweza pamwamba pa shelefu. Kabatani akaimba foni ankayankha mwachidule kuti ali bwino, ntchito yachuluka. Mwana atabadwa uthenga unafika, ndipo iwo anayankha kuti zikomo, Mulungu alemekezeke, koma msana wawagwira sangathe kukwera minibasi. Msanawo unali bwinobwino, ndinkawaona akusesa khonde m'mawa uliwonse.

Patatha milungu ingapo galimoto inaima pakhonde. Kabatani anatsika ndi khanda m'manja, mwamuna wake atanyamula chikwama cha matewera. Mwamunayo anapereka moni n'kuzembera kwa wokonza mafoni, ngati munthu wodziwa kuti kukubwera mvula. Ine ndinasiya kasitomala mankhwala ali m'mutu n'kukaima pakhomo lapakati. Manyazi ndinalibe.

"Azakhali, takubweretserani mdzukulu wanu," anatero Kabatani, akumwetulira kwambiri. "Komanso paja shawelo ija. Kungoti pa dzina la pakati tasintha pang'ono. Anthu ambiri anakonda Tadala, nanga si ndi maina a masiku ano. Lanu tidzaika kwa wachiwiri, musadandaule."

"Khalani pampandopo, mayi," anatero amayi Singano. "Tchulani maina onse atatu bwinobwino, ndingalakwitse."

Kabatani anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala, poti chibadwire azakhali ake anali asanamutchulepo kuti mayi. Anatchula mainawo. Amayi Singano anatsitsa shawelo, anaiyala patebulo, anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi wobiriwira uja, chilembo ndi chilembo, akutola tizidutswa n'kumatiika m'mbale ya mapini. Atatha anafunsa mtundu wa ulusi womwe kasitomala akufuna, ndipo pamenepo kumwetulira kwa Kabatani kunazima.

"Azakhali, mwatani kodi? Mukundiyankhula ngati mlendo bwanji?"

"Ine ndine mayi wina amene amakusokerani zovala. Wapinki kapena wofiira?"

Kabatani anandiyang'ana ine ngati ndimuthandize, ine ndinapinda manja.

"Zija zinali zocheza chabe, azakhali. Za pa foni. Aliyense amalemba choncho, sindinkaganiza kuti mungazione."

"Zinali zosekesa ndithu. Anthu anaseka kwambiri, ine ndinali pomwepo."

Anasankha okha wapinki n'kuyamba kupeta. Ntchitoyo inatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo Kabatani anakhala pampando uja akulira chamumtima, kenako mokweza, akupepesa, akunena kuti apita kukasintha chikalata cha mwana mawa lomwe. Amayi Singano anangopitiriza kupeta. Anapeta Tadala wokongola kuposa a Tadala onse amene ndinawaonapo akutuluka pachitseko chimenecho, n'kuwonjezera maina enawo m'mbali, mzere uli wowongoka bwino. Anadula ulusi womaliza ndi mano, anaipinda shaweloyo n'kuipereka.

Kabatani anaimirira n'kuwayandikizira khandalo, atalivundukula kumaso.

"Ndiye simumunyamula n'komwe? Tamuonani, azakhali, chonde."

"Manja angawa ali ndi singano, ndingamubaye mwana wa eni. Muyende bwino, mayi."

Anatembenukira kuzenera n'kuyamba kusanja ulusi womwe unali wosanjika kale. Kabatani anadutsa pafupi nane pakhomo, ndipo mwanayo ndinamuona bwinobwino, ali maso. Galimoto inalira n'kuchoka. Ndinamva kasitomala wanga akukuwa kuti mankhwala akumuotcha, koma ndinaimabe pakhomopo.

Amayi Singano anakhala chotembenuka mpaka phokoso la galimoto litazimiririka. Kenako, osandiyang'ana, anafunsa motsitsa mawu.

"Asisi, mwamuona? Wafanana ndi ndani?"

Mwanayo anali ndi chipumi chawo, mphuno yawo, ngakhale kakhwinya kaja kamene amapanga akamalowetsa ulusi pa singano. Aliyense wa pakhonde lathu akanamuzindikira pakati pa makanda a m'chipatala chonse.

"Sindinamuonetsetse, achemwali," ndinatero. "Anali atamufunditsa."