Masamu a M'chigafa cha Bambo

Ndinali ndi zaka 16 pamene bambo anga anasiya sukulu kachiwiri. Koyamba analekezera Sitandade 8. Kachiwiri analekezera m'chigafa cha fodya kwathu kwa Zulu, ku Mchinji, ndipo mphunzitsi wawo ndinali ine.

Ndikaweruka kusekondale, ndinkawapeza akusoka fodya. Ankasalaza dothi ndi chikhatho n'kundipatsa kamtengo. "Lero atiphunzitsa chiyani, Naphiri?" Ankati "atiphunzitsa", ngati kuti padesiki paja tinkakhalapo awiri. Kuyambira Fomu 1 anayenda nane choncho. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, koma yankho la aljebra ankalipeza, nthawi zina ine ndisanalipeze.

Mu Fomu 3, aphunzitsi athu a masamu, a Mbewe, anasankha ana ochepa oti tiyambe masamu owonjezera, ovuta kuposa amene aliyense amalemba. Mtsikana ndinalimo ndekha. Lamulo linali limodzi: wolephera mayeso kawiri motsatizana abwerere ku masamu wamba.

Teremu yachiwiri tinafika pa kalikulasi. Ndinajambula mzere wokhota padothi n'kuwauza bambo kuti tikufuna kutsetsereka kwake pa kadontho kamodzi.

"Iyayi," anatero. "Mtsetse umafuna malo awiri, kumtunda ndi kumunsi. Pa kadontho kamodzi munthu atsetsereka bwanji?"

"Madontho ndi awiri, bambo, koma akuyandikana mpaka kutsala pang'ono kukhudzana."

"Akhudzana kapena sanakhudzane?"

Funso limenelo linatidyera masabata. Ndinkafotokoza, iwo n'kupukusa mutu, tifufute, tiyambirenso. Anzanga anapita patsogolo, ine ndikadali pa mzere womwewo. Ntchito imene a Mbewe ankatipatsa ndinkailemba mothamanga belu lisanalire. Mayeso oyamba ndinalephera.

Loweruka lina a Mbewe anakumana ndi bambo pamsika wa paboma. Zimene anakambirana sindinauzidwe. Lolemba lake ndinapeza dothi lisanasalazidwe. Ndinatola ndekha kamtengo.

"Masamu akowa ndi achabe," anatero bambo, maso ali pa singano. "Sayeza munda, sayeza belo la fodya. Uzitsalira kusukulu komweko ndi anzako. Kuno ukundichedwetsa ntchito."

"Bambo, tangotsala pang'ono kumvetsa."

"Wamva zimene ndanena."

Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe, fungo la fodya wauwisi likadali m'malaya mwanga. Kuyambira tsiku lotsatira ndinkatsalira kusukulu mpaka dzuwa litapendeka, ndikuwerenga ndi mkwiyo. Mayeso achiwiri ndinakhoza. A Fomu 4 ndinakhozanso bwino, ndipo ndinapita kukoleji. Ine ndi bambo tinkalankhulabe: za mvula, za feteleza, za msewu wopita ku Ludzi. Za masamu sitinazitchulenso. Anamwalira ndili m'chaka chachiwiri kukoleji.

Titaika maliro, ndinawauza mayi anga kuti chinthu chimodzi sindinachimvetse: munthu wokonda masamu chotero anangowataya bwanji?

"Anataya ndani?" anatero mayi. "Aphunzitsi ako aja anawauza kuti ukalepheranso akuchotsa. Tsiku limenelo bambo ako sanadye. Koma masana aliwonse ankajambulabe kamzere kako kaja m'chigafa. Akamva njinga yako, n'kufufuta ndi phazi."

"Ndiye anafika pomvetsa?"

"Ndingadziwe bwanji ine? Ndinkangoona munthu wamkulu akupalasa pansi ngati nkhuku."

Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi chitenje.

Lero ntchito yanga ndi kulemba m'nyuzipepala zimene anthu anena. Mawu a Lolemba lija ndikhoza kuwabwereza osaphonya liwu, komabe nkhani yake ndinaiphonya. Bambo anaona kuti kuwadikira kudzandichotsetsa m'kalasi, ndipo ankadziwa kuti akandiuza zoona ndikana kuwasiya. Anasankha kuti ndiwakwiyire. Zinathandiza, koma tinataya chinthu chokha chimene tinkachitira limodzi, ndipo mpata wochibwezera sunapezeke.

Mwana wanga wamkazi akulowa Fomu 3 mwezi wamawa, ndipo wasankha masamu omwewo. Wanena kale kuti tizikhala limodzi patebulo akaweruka. Ndavomera. Zambiri ndinaiwala, kotero sipatenga nthawi kuti ayambe kundidikira. Tsikulo likafika ndidzayenera kumuuza kuti apitirire yekha, ndipo ndikufunafunabe mawu omuuzira popanda kumunamiza.