Kankhumba Kowonda ka ku Mpingwe

Ababa, lero mdzukulu wanga wabwera kuchokera ku koleji n'kumandiuza kuti kubereka kwa nkhumba kumayenda m'magazi. Ndaseka ndekha, ndakumbukira inu.

Nthawi ya Chitaganya ija munanditenga ku Mpingwe kukagula nkhumba yoweta. Ine ndinaloza yonenepa. Inu munanyamula kankhumba kowonda, n'kukatembenuza, n'kuwerenga mawere ake. Kenaka munafunsa mwini khola, "Make amaswa angati? Nanga make wa makeyo?" Titafika kunyumba amayi anati, "Mwagula khoswe." Katakula n'kuswa ana khumi ndi awiri, munawaitana amayi kukhola: "Bwerani mudzaone makoswe anu."

Usani bwino, ababa. Makoswe aja ndi amene anatiphunzitsa sukulu tonse asanu.