Njinga ya Agogo a Labani

Ndikakumbukira agogo a Labani, bambo awo a mayi anga, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la girisi losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho. Loweruka lililonse m'mawa, amayi akamakoleza moto wa phala kuseri kwa nyumba, iwo amakhala atagadabuza kale njinga yawo pabwalo, matayala ali m'mwamba, akupukuta masipoko ndi kansanza ka malaya akale. Ankazunguza tayala lakumbuyo n'kutchera khutu ngati mayi womvetsera kupuma kwa khanda, ndipo tcheni ikalira mosawasangalatsa ankaidonthezera mafuta ndi nthenga ya nkhuku.

Anali mmisiri wa matabwa, ndipo njingayo anabwera nayo kuchokera ku Halale ali mnyamata. Kwathu, m'mapiri a Ntchisi, njinga inali ya katundu: chimanga chopita kuchigayo, fodya, wodwala wopita kuchipatala cha pa boma. Agogo okha ndiwo ankaikwera popanda chifukwa. Ankalowera msewu wa kunkhalango, umene galimoto inkadutsa mwa apo ndi apo, n'kubwerako dzuwa litapendeka, ndevu zili fumbi lokhalokha, m'thumba muli masuku kapena mulibe kanthu.

Masiku amenewo anyamata achipani ankapingasa nsungwi pamsewu pafupi ndi msika n'kumafunsa makhadi achipanicho. Khadi agogo anali nalo, koma chimene chinkawavuta anyamatawo chinali china.

"Madala, mukupita kuti?"

"Kumtundaku."

"Kwa yani?"

"Kwa mitengo."

Tsiku lina anawakhazika padzuwa mpaka masana, akuti munthu wamkulu sayenda chabe, ndiye kuti alipo amene akukakumana naye kuthengoko. Anawamasula mkulu wa mpingo wathu atabwera kudzawachitira umboni. Pofika kunyumba sanadandaule. Anangoti, "Ana aja sanatsetserekepo pa Chitunda cha Anyani. Akadatsetserekapo sakadafunsa."

Ine ndinatsetserekapo, nditakhala pakaliyala, nditagwira lamba wa buluku lawo. Ndimakumbukira mphepo yozizira yotuluka m'mitengo ikuluikulu ija, kulira kwa nyenje m'nyengo yotentha, ndi matayala akunong'ona pa dothi lofiira lolimba. Agogo sankalankhula akamatsetsereka. Ankangong'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, imene ndinkaimvera pamsana pawo osati m'makutu.

Ndili mu Sitandade sikisi maso awo anayamba kuchita ng'ala. Poyamba anabisa. Ankati randa yawo yopalira matabwa yabuntha, pamene anali iwo osaona mzere wa pensulo. Kenako anagunda mbuzi ya aneba. Pomaliza anagwera m'ngalande pafupi ndi mlatho, ndipo anabwera nawo anthu atawanyamula, chipumi chitang'ambika.

Atsibweni a Filimoni, mchimwene wawo wa amayi amene ankagwira ntchito ya ukalaliki pa boma, anafika Lamulungu lake. Sanakalipe. Anagwada pafupi ndi mphasa ya agogo n'kunena kuti, "Bambo, mwayenda mokwanira. Tisadzakutoleni kuphompho." Atatero anakweza njinga ija kudenga la kanyumba kamene agogo ankapaliramo matabwa n'kuimangirira ku mitanda ndi luzi.

Bala linapola koma agogo sanachire. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamaondo, nkhope italoza kumsewu. Njinga ya munthu ikadutsa ankatembenuza mutu kuitsatira mpaka kulira kwake kuzimiririke, nthawi zina n'kunena okha kuti, "Ameneyo buleki yakumbuyo ikukhula." Chakudya ankangotsinako. Kutchalitchi anasiya, akuti safuna kukokedwa dzanja ngati mbuzi yopita kumsika.

Amene anadula luzi lija anali amayi. Ndinawapeza madzulo ena nditachokera kudambo, atakwera pampando, mpeni uli m'manja.

"Esinati, talandira kuno. Usagwetse."

"Nanga atsibweni?"

"Atsibweni ako amabwera kamodzi pamwezi. Amene ndikuwaona agogo ako akutha tsiku ndi tsiku ndine." Anatsika n'kundiyang'ana miyendo. "Watalika iwe. Uphunzire. Uziwanyamula ndiwe, koma iwo asagwire chiwongolero. Wamva?"

Ndinavomera.

Mtsikana kukwera njinga yamtanda sichinali chinthu chaching'ono. Buluku linali loletsedwa kwa akazi, ndipo bondo likaoneka unkatha kuitanidwa kukayankha. Amayi anandisokera siketi yaitali yotakata, pamwamba n'kumanganso chitenje. Ndinaphunzirira pabwalo la mpira la kusukulu, agogo atagwira kaliyala, akuthamanga pambuyo panga osaona kumene akuponda, akufuula kuti, "Usayang'ane tayala! Yang'ana kumene ukufuna kukafika!" Tinagwa kangapo tonse awiri. Amayi ena popita kumjigo ankaima n'kugwira pakamwa, ndipo wina anauza amayi kuti mwana ameneyu sadzakwatiwa. Amayi anayankha kuti adzaona pofika pake.

Loweruka loyamba kutuluka nawo, agogo anavala jekete lawo la ku Halale. Anali opepuka kuposa thumba la chimanga, koma pokwera zitunda tinkatsika n'kumakankha, iwo atagwira chishalo. Pa nsungwi paja anyamata anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mmodzi anazungulira njinga akuyang'ana siketi yanga, kufuna poti agwire, koma sanapeze.

"Lero mwalemba dalaivala, madala?"

"Eya," anatero agogo. "Ndipo ndi wabwino kuposa woyamba uja. Uyu sagunda mbuzi."

Anatikwezera nsungwi akusekabe.

Tinayenda choncho chilimwe chonse. Agogo anayambanso kudya. Msewu ankaudziwa ndi thupi: ankandiuza kuti tayandikira pamlatho tisanafike, ankadziwa munda wa nthochi pomva kuzizira kwake, ndipo tikalowa m'nkhalango ankavula chipewa.

Tsiku limene sindiliiwala linali lakumapeto kwa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana. Titafika pamwamba pa Chitunda cha Anyani anati tiime. Anatsika, napapasa chiwongolero, belu, mabuleki. Kenako anati, "Mdzukulu wanga, ndibwereke njinga yanga."

"Agogo, amayi anakana."

"Ndikudziwa. Ndinamva, makutu ndili nawo. Ukakana sindikwiya, tibwerera bwinobwino." Anapapasanso chiwongolero. "Mvula ikagwa msewu uno uterera mpaka Epulo. Ine za Epulo sindikuzidziwa."

Ndinayang'ana kutsetsereko. Msewu unali wopanda munthu, wowongoka ndithu, koma kumunsi unkakhotera kumanzere, ndipo kumanja kwake kunali chigwembe chamiyala. Ndinayang'ananso maso awo otuwa aja. Ndinali mwana, ndipo palibe wamkulu amene akanandisankhira. Ndinakwera pamtanda, kutsogolo kwawo, n'kugwira pakati pa chiwongolero.

"Usawongole," anatero. "Uzingondiuza."

Tinanyamuka. Poyamba njinga inagwedezeka, ine n'kukuwa, koma mapazi awo atapeza mapedulo inakhazikika ngati yazindikira mwini wake. Ndinayamba kufuula: "Dzenje kumanja! Pitani pakati! Mwala, mwala, kumanzere pang'ono! Basi, pomwepo!" Mphepo inandilowa m'kamwa, misozi ikutuluka yokha. Anyani amene anali m'mphepete anathawira m'mitengo akukuwa. Pafupi ndi pokhota ndinamva zala zawo zikufinya mabuleki ndisananene n'komwe, ndipo ndinakuwa kuti, "Khotani tsopano!" Tinapendekeka, tayala lakumbuyo linasesereka pamchenga, chigwembe chija chinadutsa pafupi kwambiri moti ndinaona nsonga za mitengo yomera m'munsi mwake. Kenako msewu unawongokanso, njinga n'kumayenda yokha pang'onopang'ono mpaka kukaima pamthunzi.

Agogo anatsitsa phazi pansi. Chifuwa chawo chinkagunda pamsana panga. Anaseka, kuseka kwenikweni kumene tinali titakuiwala pakhomo pathu, kenako anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Yakwana," anatero. "Tenga njinga yako."

Ndinkaganiza kuti tibisa, koma titangofika iwo anaitana amayi n'kuwauza zonse, akuti mwanayu asasenze chinsinsi cha munthu wamkulu. Amayi anakhala pansi pomwepo, lichero lili pamiyendo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira ndodo. Pomaliza anafunsa agogo kuti, "Ndiye mwakhutira, bambo?" Iwo anati akhutira. Sanadzapemphenso. Atsibweni atamva anakwiya ndi amayi, ndipo anatha miyezi osalankhulana, mpaka matenda a agogo ndiwo anawakhazikanso pamphasa imodzi. Anamwalira chimanga chili ngaiyaye, mvula ikugwa.

Chaka chatha nanenso maso anga anachita ng'ala. Ana anga ananditengera kuchipatala kumene anandichita opaleshoni, ndipo m'mawa mwake atandichotsa thonje ndinaona mpaka ulusi wa pa yunifolomu ya namwino. Ndinalira, namwinoyo n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe. Ndinkalirira agogo, kuti chinthu chimene chinawakhazika pakhonde chinali chochotseka chonchi.

Ku mpingo kwathu kuno ku Dowa kuli okalamba angapo amene saona, ndipo Lamulungu ndimakawatenga. Achinyamata amadabwa kuti bwanji sindiwagwira dzanja. Ine ndimayenda pambali pawo, phewa kukhudza phewa, n'kumawauza kuti apa pali muzu, apa tikwera, apa pawongoka. Kuyendako amayenda okha.