Nkhope Imene a Lackson Sanaione

A Lackson, mlimi wa thonje wa kufupi ndi Sinda, anadikira mwana zaka zisanu ndi zinayi. Mulungu atawakumbukira, akazi awo a Dinah anaima, ndipo pa mwezi wachisanu ndi chimodzi anamwino anawatumiza ku Katete kukaunikitsa mimba pa makina.

M'chipindamo a Lackson anasuzumira pa galasi la makinawo naona madontho awiri akuda.

"Mayi, taonani maso! Akuluakulu ngati a bambo wake," anatero akuseka.

A dokotala sanaseke. "Bambo, si maso amenewo. Ndi impso za mwana, zatupa chifukwa njira ya mkodzo ndi yotsekeka. Madzi amene mwana amakhalamo achepa, ndipo akachepa chonchi mapapo sakhwima."

"Ndiye adzakhala moyo?"

"Tidzayesetsa, koma sindikunamizani."

Anawapatsa kapepala ka chithunzicho, ndipo a Lackson anakasunga m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi. Poyamba anapempha kuti mwanayo achire. Masiku atapita, pempho lawo linachepa, linatsala limodzi: kuti adzangomuona nkhope.

Mwana anabadwa Lachiwiri m'mawa, a Lackson atabwerera kumudzi kukatenga ufa ndi nkhuni za a Dinah amene anali atagonekedwa m'chipatala. Anali wamwamuna. Anapuma mpaka masana, Mwini moyo namutenga.

M'mawa mwake amayi a m'mudzi anamunyamula m'chitenje kunka naye kumanda, pakuti khanda lotere amaika ndi amayi okha, popanda bokosi, popanda kulira. A Lackson anagwada pambali pa njira, chapatali ndi apongozi awo aakazi amene anali patsogolo.

"Amayi, ndingomuona nkhope, kamodzi kokha."

"Iyayi, bambo, mwambo mukuudziwa. Mukamuona mulira, ndipo misozi yanu itseka mimba ya mwana wanga."

A Lackson sanakhulupirire zimenezo, koma anadziwa kuti a Dinah amazikhulupirira, ndipo sanafune kuwasenzetsa mantha pamwamba pa chisoni. Anaweramitsa mutu mpaka amayiwo atadutsa.

Lero a Lackson ndiwo amayambitsa nyimbo m'tchalitchi mwathu. Akatsegula buku, kapepala kaja kamakhala pomwepo, ndipo nthawi zina mawu amachedwa kutuluka. Mpingo umadikira. A Lackson amadziwa bwino kuti madonthowo ndi impso, koma za mwana wawo zimene anatsala nazo ndi zomwezo, kufikira tsiku limene Iye amene anamuumba m'mimba adzawaonetse nkhope yake.