Tsabola pa mbaula

Moni nonse apabanja. Musavutike kufunsana, amene wathira tsabola wouma pa mbaula m'mawa uja ndine, Yamikani. Achemwali anga a Esinta ndi anzawo anandithamangitsa m'khitchini, ndiye ndimafuna atuluke akutsokomola. Anatulukadi, wina mpaka kusiya chitenje pakhomo. Ndinaseka kwambiri.

Sindimadziwa kuti Tadala, mwana wa achemwaliwo, anali atagona kuseri kwa matumba a mtedza.

Enawo kutsokomola kunatha msanga, koma iye ayi. M'chifuwa mwake mumalira ngati wezulo, ndipo akamakoka mpweya kadzenje ka pakhosi kamalowa mkati moti chala chikanakwanamo. Milomo inachita mbuu. Mankhwala ake opopera m'kamwa aja anali atatha. Tinathamanga naye pa njinga yamoto kuchipatala ku Madisi. Pano amuika pa mpweya, sanayambebe kulankhula.

Adokotala anafunsa ngati kubanja kwathu kuli wodwala mphumu. Amayi, akuloza ine ndi achemwali, anati, "Bambo awo a anawa inawatenga ndi yomweyo." Adokotalawo akuti imayenda m'magazi, koma chimaidzutsa ndi utsi. Tsabola wangomalizitsa, mwanayu amapuma utsi tsiku lililonse, khitchini yopanda windo, moto timayatsira majumbo.

Ine ndinati, "Mwamvatu, si ine ndekha."

Chilango changa amayi akuti ndiboole windo pakhoma la khitchini, ndekha. Ndayamba kale, kugumula n'kokoma bwanji. Amalume, limodzi likwana, kapena ndiboole awiri Tadala asanabwere?