Reino Anakana Chiwaya cha Anzake

Reino Kettunen anali wodula mitengo m'nkhalango za ku Lieksa, kum'mawa kwa Finland. Anayamba kugwira nkhwangwa ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Bambo ake anafa ndi mtima ali pantchito. Mkulu wake anagwera m'khola akukama ng'ombe. Amuna akumeneko ankafa motero, ndipo palibe ankadabwa.

M'chaka cha 1974, ali ndi zaka 43, chinthu chinamufinya pachifuwa akudula mtengo. Anagona m'chipatala milungu itatu. Dokotala sanazungulire: asiye fodya, batala, mafuta a nkhumba ndi mchere wambiri, apo ayi chaka chamawa sachiona. Mkazi wake Hilkka anayamba kumuphikira phala, nsomba yowiritsa, kabichi ndi karoti. Reino ankadya zonsezo. Akaweruka ankayenda mtunda wautali mumsewu ali chimanjamanja, anthu akumusuzumira pawindo. Mwamuna woyenda popanda konka ankamuyesa wozungulira mutu.

Vuto linali kumsasa. Masana odula mitengo ankadyera chiwaya chimodzi cha nyama ya nkhumba yosambira m'mafuta, aliyense akusunsamo buledi wake. Wokana chiwayacho wakana anzake. Reino atabwerera kuntchito anakakhala pachitsa payekha n'kutsekula kachitini ka chakudya cha kunyumba.

Amene anayamba kumuputa anali Aulis, mlongo wake wa Hilkka, chimunthu chadzitho choweta ng'ombe za mkaka, chimene chinkabwera kunkhalango nyengo yozizira yokha.

"Alamu, mwasanduka mbuzi liti? Taonani anzanga, munthu wandevu akubudula masamba!"

"Idyani zanu, alamu."

"Batala wa ng'ombe zanga wasanduka poizoni lero? Mlongo wanga wakuvekani diresi, eti?"

"Mtimawu ndi wanga. Ukaima, ana anga mulera ndinu?"

Amuna anaseka, tsikulo zinathera pomwepo. M'mawa mwake Reino anapeza utuchi m'chakudya chake. Anautola n'kudya. Tsiku lachitatu Aulis anabwera atalawako mowa. Anakankha kachitini kaja ndi jombo, anang'amba chibenthu cha buledi n'kuchiviika m'mafuta owira.

"Mugwireni! Lero adya ngati mwamuna."

Awiri anamugwira mikono akuseka. Aulis anamugwetsa chagada, anamukanikiza bondo pachifuwa, pamtima penipeni, n'kumutsindira buledi uja kukamwa. Mafuta anamuwotcha milomo. Reino analuma. Analuma mpaka mano anafika pafupa la chala. Aulis anakuwa n'kumusasantha chibakera, mano awiri anathothoka. Omugwira aja anamutaya.

Reino anakwawira pamoto akulavula magazi. Anagwira chiwaya chotenthacho ndi dzanja losavala kanthu, anadzuka, n'kumuphwanya nacho Aulis pachibwano. Fupa linamveka kusweka. Mafuta anamwazikira pa chipale chofewa n'kufuka nthunzi. Aulis ali pansi, Reino anamumenyanso paphewa. Anakweza chiwaya kachitatu, kenako anachiponya uko. Sichinali chifundo. Mtima unali kugunda ngati ufuna kuboola nthiti.

Anakhala pansi dzanja lili pachifuwa, kudikira kufinya kuja. Amuna onse anangoti chilili. Anadikira nthawi ndithu. Kufinyako sikunabwere.

"Ukufa kodi, Reino?" anafunsa kapitawo.

"Osati lero. Nyamulani uyo. Wofuna dokotala ndi iyeyo."

Aulis anamangidwa chibwano ndi waya kuchipatala, anakhala milungu isanu ndi umodzi akumwa phala lamadzimadzi. Wapolisi atabwera kumsasa kudzafunsa, panalibe amene anaona kanthu. Reino ndi Aulis sanalankhulane zaka zisanu ndi zinayi. Hilkka ankapita kwawo yekha, ndipo ankabwerako maso ali ofiira. Chikhatho cha Reino chinapola ndi chipsera cholimba, zala ziwiri sizinapindikenso bwino. Anaphunzira kugwira sowo mwanjira ina.

Kumsasa sanamuputenso, komanso sanamuitanenso pamoto. Anadya yekha kufikira anapuma ntchito ali ndi zaka 63. Fodya sanamukhudzenso. Kuyenda sanaleke, kugwe mvula kuzizire.

Anamwalira ndi chibayo mu 2012, ali ndi zaka 81. Bokosi lake linanyamulidwa ndi adzukulu ake. Anzake akumsasa onse anali atatsogola kale.