Matabwa a Bokosi la Bambo Muhiwa

A ku parishi andipempha kuti ndilembe za moyo wa Bambo Gerishomo Muhiwa a mu mphakati wathu wa Yosefe Woyera, amene tinawaika m'manda mwezi watha. Akuti ndilembe mwachidule. Ine zachidule sindizitha, ndipo malemuwo ankandiseka nazo kawirikawiri, choncho mundikhululukire.

Bambo Muhiwa anabadwira konkuno kufupi ndi mtsinje wa Likangala, makolo awo atachokera ku Mozambiki. Ali mwana ntchito yawo inali kuingitsa mpheta m'munda wa mpunga, ndipo n'kumeneko kumene anakulitsira mawu. Atalowa kwaya, woimbitsa anayesa kuwaika kumbuyo, kenako pafupi ndi zenera, koma ayi ndithu, mawu aja ankamvekabe mpaka kumsewu wopita ku Kachulu. Eni ake ankangoti, "Mulungu sanandipatse mawu okoma, anandipatsa ambiri." Atakula anakwatira Mayi Rozi, nabereka Pemphero ndi azing'ono ake. Ankalima mpunga kusikimu ya mthirira, ankanyamula mtanda pamaliro, ndipo Lamulungu lililonse ndiwo ankaimba belu lathu lija, limene kunena zoona ndi chitsulo cha tayala la lole.

Mayeso anabwera ali kale ndi zidzukulu. Mlongo wawo anafunika magazi kuchipatala ku Zomba, iwo n'kupita kukapereka. Atawayeza anawauza kuti magazi awo sangatengedwe chifukwa ali ndi kachilombo ka matenda a chiwindi otchedwa hepataitisi B, kamene mwa anthu ena kamakhazikika moyo wonse. Namwino anafotokoza zambiri, koma iwo maganizo anali atapita kale kwa bambo awo, amene anamwalira mimba itatupa, maso ali chikasu. Anati basi, ulendo ndi womwewo. Pobwerera anadutsa kwa ocheka matabwa, nagula matabwa abwino a bokosi lawo la maliro, kuti ana asadzavutike. Matabwawo anawaimika kuchipinda, moyang'anana ndi bedi.

Abale anga, miyezi imeneyo inali yowawa. Thupi linali bwinobwino, chimene chinadwala ndi mtima. Belu anasiya, kwaya anasiya. Anadzipatulira mbale ndi kapu, ndipo mdzukulu akawathamangira ankabisa manja kumbuyo. Tsiku lonse ankangogona n'kumayang'ana matabwa aja. Tikapita kukawaona ankati, "Mwabwera kudzatsanzika? Mwachita bwino." Ine ndinkatuluka m'nyumbamo ndikulira, chifukwa munthu anali kutithawa tikumuona, pomwe matenda enieniwo anali asanamukhudze n'komwe.

Mayi Rozi ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akatopa amatopa zenizeni. Anakwera minibasi kupita kwa namwino uja, nakafunsa zonse bwinobwino. Iwo ndi ana anayezetsa, ofunika katemera analandira. Anamvanso kuti kachilomboka kamayenda m'magazi, pogonana ndi pobereka, osati m'mbale kapena pogwirana chanza, ndiponso kuti munthu akamayezetsa ndi kutsatira malangizo atha kukhala nako mpaka kukalamba. Anawauza amuna awo zonsezi, iwo n'kungotembenukira kukhoma. Ndiye tsiku lina bambowo akusamba, mayi aja anaitana kalipentala, a Jafeti, n'kutulutsa matabwa onse.

Madzulo ake Bambo Muhiwa anatuluka m'nyumba, nakhala pa benchi yatsopano imene anaipeza pakhonde.

"Amake Pemphero, matabwa anga ali kuti?"

"Mwakhalira."

Anadzuka msangamsanga ngati akhalira moto. "Aa! Nanga mudzandiika m'chiyani?"

"Mukadzafa tidzaona. Panopa mpheta zikutha mpunga kumunda, ndipo ine mawu ndilibe."

Mayi Rozi amati amuna awo anayang'ana benchiyo nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira. Mmawa mwake anaisenza pamutu mpaka kumunda, naiika pansi pa mtengo wa mango. Tonse a m'midadada yoyandikana tinamva nyimbo ya Maria ikuimbidwa moipa kwambiri, mpheta zili balala. Sindinakondwerepo ndi kuimba koipa ngati tsiku limenelo.

Ndisaname kuti anachira pompo. Masiku ena chisoni chinkabwerera, ndipo ankanena poyera kuti, "Lero mtambo wanga wabwera, khalani nane." Ankapita kukayezetsa chiwindi nthawi ikakwana, ankacheza ndi mlangizi wa kuchipatala, ndipo atawapatsa mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku sankadumphitsa. Kamowa ka pa Khirisimasi kaja anakasiya, ngakhale ankakadandaula chaka chilichonse. Belu linayambanso kulira pa nthawi yake.

Chaka china anamva za a Fanuelo, msodzi wa ku Kachulu, amene anapezeka ndi kachilombo komweko. Iwo anali atagulitsa maukonde, ndipo anauza akazi awo kuti tsiku lina adzapalasa bwato osabwereranso. Bambo Muhiwa anapalasa njinga kukawatenga, nawakhazika pa benchi ija.

"Achimwene, mukudziwa mwakhalira chiyani?"

"Benchi."

"Limeneli ndi bokosi langa la maliro. Mwamva kulimba kwake?"

A Fanuelo anafuna kudumpha, koma Bambo Muhiwa anawagwira dzanja n'kuwafotokozera nkhani yonse. Kenako anamwa thobwa, nawapatsira kapu yomweyo. Sabata yotsatira anawaperekeza okha kuchipatala. A Fanuelo lero ali ndi bwato latsopano, ndipo ndi amene amatisungira matemba abwino tikakhala ndi chikondwerero kutchalitchi.

Kuchokera pamenepo benchi inatchuka. Lachitatu lililonse masana anthu a matendawa ankabwera pansi pa mango paja, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, ena ochokera kutali kwa Kuntumanji. Ankapemphera, kukumbutsana masiku a kuchipatala, ndi kuuzana zimene munthu amaopa kunena kunyumba. Koma chimene chinkamveka kwambiri ndi phwete. Bambo Muhiwa ankakonda kunena kuti, "Kachilomboka kanapeza kale malo m'chiwindi, musakapatsenso chipinda m'mutu." Munthu akalemedwa kwambiri sankamunyengerera ndi mavesi okha, ankamukweza pa njinga kupita naye kwa mlangizi.

Anakalamba ndithu, mpaka imvi mbuu. Chaka chino mphamvu zinayamba kuchepa, ndipo iwo anadziwa. Pemphero, poganiza kuti akuwalemekeza, anawafunsa ngati angakonde kuti matabwa aja abwerere ku ntchito imene anawagulira.

"Iwe, usayerekeze," anatero. "Ndinachedwa kufa, malo anatenga ena."

Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Bambo Muhiwa anapempha kuti tiimbe, nayesa kutsatira ndi kamawu kakang'ono, koyamba m'moyo wawo kukhala kapansipansi. Anagona masana, dzanja lawo lili m'manja mwa Mayi Rozi, ndipo sanadzukenso. Bokosi anakhoma ndi a Jafeti omwe aja, ndi matabwa amene a Fanuelo anabwera nawo osapemphedwa. Ambuye amene anawatumikira ndi belu ndi mawu ambiri aja awalandire mu mpumulo wawo, ndipo angelo apirire kuimbako monga tinapiririra ife.

Lachitatu lapitali ndinapita kumunda kuja ndili ndi nkhawa kuti mwina sikubwera munthu. Ndinapeza benchi yodzaza. Chapatali panaima mtsikana wina woyembekezera, dzina lake Gloria, amene anali atangouzidwa kusikelo kuti ali ndi kachilomboka. Maso anali ofiira ndi kulira, ndipo ankaopa ngakhale kutipatsa moni wa m'manja. Mayi Rozi anasendera, nagogoda thabwa pambali pawo. Mtsikanayo anakhala chakumphepete, mwamantha.

"Sendera kuno, mwana wanga," anatero mayiwo, akumugwira dzanja. "Ukudziwa wakhalira chiyani?"